Umuna ukamabwerera m'chikhodzodzo, chimachititsa n'chiyani?

Mkulu wa gulu:
Moni nonse. Funso ili labwera kangapo kumbali, ndipo olifunsa safuna kutchulidwa, ndiye ndaliika pano kuti odziwa atithandize. Mwamuna akutota bwinobwino, akufika pampondachimera, akumva ndithu kuti wathira, koma kunja sikukutuluka kanthu, kapena kukungotuluka kadontho. Akapita kokodza, mkodzo woyamba ukutuluka wa mbuu. Umunawo ukupita kuti, ndipo chimachititsa n'chiyani? Tiyankhe mwaulemu, pano pali akuluakulu.

Dokotala wa mikodzo:
Zikomo akulu. Zimene mwafotokozazo kawirikawiri ndi umuna wobwerera m'chikhodzodzo, umene kuchipatala timalemba kuti retrograde ejaculation. Kuti zifukwa zake zimveke, tiyambe ndi mmene thupi limathirira, chifukwa ntchitoyi ili ndi magawo awiri.

Gawo loyamba ndi kusonkhanitsa. Mbewu zimachoka ku machende kudzera m'timachubu tiwiri totchedwa vas deferens. Kuseri kwa chikhodzodzo kuli timatumba tiwiri, ma seminal vesicle, timene timapereka madzi ambiri a umuna, pafupifupi magawo awiri mwa atatu. Prostate, chiwalo chimene chili pansi pa chikhodzodzo, imawonjezera ake. Zonsezi zimakumana m'kachigawo ka njira ya mkodzo kamene kamadutsa pakati pa prostate. Kachigawo kameneka kali ndi potulukira pawiri, kumtunda kuli khomo la chikhodzodzo, kumunsi kuli njira yopita kunja. Pamene umuna ukusonkhana, mnofu wozungulira khomo la chikhodzodzo umafinya n'kutseka kuti gwa. Mnofu umenewu munthu sangaulamule mwakufuna kwake. Umamvera mitsempha ya uthenga yochokera mumsana, pakati pa zigawo za msana zimene timazitcha T10 ndi L2, imene imatsikira kutsogolo kwa mafupa a msana mpaka kulowa m'chiuno.

Gawo lachiwiri ndi kukankha. Minofu ya pansi pa chida imadzikoka motsatizana, pafupifupi kamodzi pa sekondi 0.8 iliyonse, ndipo imalamulidwa ndi mtsempha wina wochokera kumunsi kwenikweni kwa msana, S2 mpaka S4. Khomo la kumtunda likatseka, umuna ulibe kwina kopita koma kunja. Likakhala lotseguka kapena lofooka, umuna umatsata kofewa ngati madzi a mupaipi yobooka, ndipo kofewako ndi m'chikhodzodzo, chifukwa ndi pafupi pomwepo.

Ndiye funso limene timadzifunsa ndi lakuti, chalepheretsa khomolo kutseka n'chiyani? Mwina mnofuwo unadulidwa pa opaleshoni, mwina mitsempha youlamula yawonongeka, mwina pali mankhwala amene akutsekereza uthenga panjira.

M'bale wofunsa:
Adokotala, ndiye kuti munthu wotereyu wagwa mumpapaya?

Dokotala wa mikodzo:
Ayi achimwene. Kutota kumayendetsedwa ndi mitsempha ina komanso magazi olowa m'chida, ndipo kumva kukoma kumachokera ku ubongo ndi minofu ija yokankha. N'chifukwa chake amuna ambiri a vutoli ntchito ya m'banja amaigwira monga kale. Chimene chimavuta ndi kupereka mimba. Umuna wolowa m'chikhodzodzo suola, subweretsa miyala, suwononga impso. Umasakanikirana ndi mkodzo n'kutuluka munthu akakodza.

Ndipitirize ndi opaleshoni, chifukwa kwa abambo achikulire ndi imene imachititsa kwambiri. Prostate ikakula n'kuyamba kutseka mkodzo, opaleshoni yodziwika ndi TURP. Timalowetsa chida kudzera m'njira ya mkodzo n'kupala mkati mwa prostate kuti njira ikule. Popalapo, mbali ya khomo la chikhodzodzo imachoka nayo. Mkodzo umayenda bwino, koma khomo silithanso kutseka. Amuna pafupifupi 65 mpaka 75 mwa 100 alionse amene apangidwa TURP umuna wawo umabwerera kumbuyo, ndipo nthawi zambiri zimakhala za moyo wonse. Opaleshoni ya laser yotchedwa HoLEP, komanso yong'amba pamimba n'kukolowola mkati mwa prostate, zotsatira zake pa nkhaniyi n'zofanana. Ya kungocheka khomo pang'ono, TUIP, imene imayenera prostate yaing'ono, imasiya ambiri akuthira bwino. Njira zatsopano monga UroLift, yokokera prostate pambali ndi tizomangira, ndi Rezum, yogwiritsa ntchito nthunzi, nazonso zimasunga kuthira mwa amuna ambiri, kungoti siziyenera aliyense ndipo sizipezeka paliponse.

Apa ndikufuna kunena mosabisa. Mwamuna aliyense wopita ku opaleshoni ya prostate ayenera kuuzidwa zimenezi asanasaine pepala, ngakhale ali ndi zaka 70. Si bwino kuganiza kuti munthu wamkulu nkhaniyi sikumukhudza. Ndipo amene akufunabe ana anene yekha poyera, kuti akambirane za njira ina kapena kusungitsa umuna opaleshoni isanachitike.

Namwino wa kumaopaleshoni:
Ndiwonjezerepo adokotala. Pali maopaleshoni amene khomolo saligwira n'komwe koma amadutsa pa mitsempha ija. Mitsemphayi imapanga ukonde wopyapyala kutsogolo kwa mafupa a kumunsi kwa msana, pafupi ndi pamene mtsempha waukulu wa magazi wa aorta umagawikira pawiri. Aliyense wogwira ntchito pamalo amenewo akhoza kuuvulaza. Maopaleshoni ake ndi monga yochotsa mwanabele wa kuseri kwa mimba kwa odwala khansa ya machende, yotchedwa RPLND, yochotsa khansa ya kumapeto kwa matumbo, yokonza aorta yotupa, ndi ya msana yolowera cha kumimba, makamaka kumunsi kwa msana, pa L5 ndi S1. Ya khansa ya machende imapweteka mtima chifukwa odwala ake ambiri ndi anyamata amene sanabereke. Masiku ano pali kachitidwe kozemba mitsemphayo, ndipo zikatheka kutero amuna ambiri amathira bwino, koma chotupa chikakula sizitheka nthawi zonse. Kusiyana kwake ndi TURP n'kwakuti mtsempha ukangosunthidwa kapena kukokedwa osaduka, zinthu zikhoza kubwerera pakapita miyezi ingapo. Chinanso, opaleshoni yokuza khomo la chikhodzodzo imene munthu anapangidwa ali mwana imaonekera mochedwa, akakwatira. Choncho pofunsa mbiri ya wodwala tizifika mpaka ku ubwana.

Dokotala wa mikodzo:
Zoona mayi. Ndipo tisasokoneze ndi opaleshoni yochotsa prostate yonse chifukwa cha khansa. Pamenepo prostate ndi timatumba tija zimachoka pamodzi, timachubu ta mbewu timadulidwa. Umuna sukubwerera kumbuyo, kulibe kumene ukupangidwira. Mukayeza mkodzo simupezamo mbewu.

Namwino wa za shuga:
Ine ndikambe za shuga, chifukwa kwa mwamuna wa zaka za m'ma 30 kapena 40 amene sanapangidwepo opaleshoni ndipo sakumwa mankhwala, ndi chinthu choyamba kuchiyeza. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga timitsempha ta magazi timene timadyetsa mitsempha ya uthenga, komanso amawononga mitsempha ya uthengayo mwachindunji. Yopyapyala ndi imene imayamba kufa, ndipo yolamula khomo la chikhodzodzo ili m'gulu limenelo.

Kabweredwe kake n'kosiyana ndi ka opaleshoni. Sizichitika tsiku limodzi. Poyamba umuna umangochepa, umatuluka mopanda mphamvu, mongoyenderera. Kenako masiku ena umatuluka, masiku ena ayi. Pambuyo pake umabwerera wonse. Zikafika patali, ngakhale timachubu ndi timatumba timaleka kufinya, moti m'mkodzo momwe simupezekanso mbewu. Zizindikiro zina zimene zimayendera limodzi ndi izi ndi dzanzi kapena kutentha kumapazi, chizungulire poimirira, kukhuta msanga munthu atangodya pang'ono, kutuluka thukuta modabwitsa, ndi kumva ngati mkodzo sunathe.

Kuyeza n'kosavuta. Shuga wa m'mawa munthu asanadye akafika 7.0 mmol/L, kapena kuti 126 mg/dL, kapena HbA1c, muyezo wosonyeza mmene shuga wakhalira pa miyezi pafupifupi itatu yapitayo, akafika 6.5%, ndiye kuti matenda a shuga alipo, ndipo timabwereza kuti titsimikize. Kwa ambiri amene ali kale pa mankhwala timafuna HbA1c akhale pansi pa 7%. Kutsitsa shuga kumachedwetsa kuwonongeka, koma mtsempha umene wafa kale nthawi zambiri subwerera. N'chifukwa chake ndimapempha abambo a shuga kuti akaona umuna ukuchepa anene msanga, asadikire kuti uthe. Amene amwa metformin zaka zambiri ayezetsenso vitamini B12, popeza mankhwalawa amatha kumuchepetsa ndipo kuchepa kwake kumawononganso mitsempha.

Dokotala wa mikodzo:
M'gulu lomwelo la mitsempha muli kuvulala kwa msana, matenda owononga mitsempha ya ubongo ndi msana otchedwa multiple sclerosis, matenda onjenjemeretsa a Parkinson, ndi kubadwa ndi msana wosatsekeka bwino. Kwa ovulala msana, chimene chimachuluka ndi kusathira n'komwe, koma kubwerera kumbuyo kumachitikanso.

Wa kufamase:
Tsopano mankhwala, ndipo apa m'pamene pali chiyembekezo chachikulu chifukwa vuto limatha mankhwala akasinthidwa. Mnofu wa pakhomo la chikhodzodzo umalandira uthenga kudzera pa tizolandirira totchedwa alpha-1. Mankhwala a prostate yotupa amatseka dala tizolandirira timeneti kuti khomo limasuke mkodzo uyende. Ndiye chimene chikuchiritsa mkodzo ndi chomwecho chikusokoneza kuthira.

Amasiyana mphamvu pa nkhaniyi. Pepala la m'bokosi la tamsulosin limasonyeza kuti pa kafukufuku wa mankhwalawa amuna pafupifupi 8 mwa 100 anaona kusintha kwa kathiridwe pa mlingo wa 0.4 mg, ndipo pa 0.8 mg anafika pafupifupi 18 mwa 100. Silodosin wa 8 mg ndiye amaposa, pafupifupi 28 mwa 100. Alfuzosin, doxazosin ndi terazosin amachita zimenezi mwa anthu ochepa kwambiri, kungoti doxazosin ndi terazosin amatsitsa BP ndipo amabweretsa chizungulire, makamaka masiku oyamba. Kumbukiraninso kuti tamsulosin amapatsidwanso kwa anyamata kwa milungu yochepa kuti kamwala ka mu impso katsike. Mnyamata wotero akaona kuti wauma amachita mantha, pamene akangomaliza mankhwala zimabwerera m'masiku ochepa.

Gulu lina ndi mankhwala a matenda a maganizo amene amakhudzanso alpha-1, monga thioridazine, chlorpromazine, risperidone ndi clozapine. Palinso a BP akale monga guanethidine, reserpine ndi methyldopa. Mankhwala a kukhumudwa monga fluoxetine ndi sertraline nthawi zambiri amachedwetsa kuthira, sabweza umuna. Finasteride ndi dutasteride amachepetsa kuchuluka kwa umuna chifukwa amafwetsa prostate, koma khomo saligwira.

Chonde, a maganizo ndi a BP musasiye nokha. Kusiya mwadzidzidzi kumabweretsa vuto lalikulu kuposa limene mukuthawa. Pitani ndi mapaketi onse kwa amene anakulemberani, munene vuto, aone chosintha.

Wa kulabu:
Akulu a kufamase, pa tamsulosin ndi silodosin ndili ndi kakutsutsa pang'ono. Mukayeza mkodzo wa amuna amene auma chifukwa cha mankhwala awiriwa, kawirikawiri mbewu simuzipeza, kapena mumapeza zochepa kwambiri. Zikanakhala kuti umuna wonse walowa m'chikhodzodzo, bwenzi zili mbwee. Tizolandirira timene mwatchulato tilinso pa timatumba ta umuna ndi pa timachubu ta mbewu. Zikuoneka kuti chachikulu n'chakuti timatumbato sitikufinya, ndiye umuna sukufika n'komwe m'njira.

Wa kufamase:
Ndikuvomereza, ofufuza ambiri masiku ano akuona choncho, ngakhale mapepala ena a m'mabokosi amalembabe kuti umuna umabwerera. Kwa wodwala wosafuna mwana kusiyanako sikusintha kanthu, thandizo ndi lomwelo, kuchepetsa mlingo kapena kusintha mtundu. Koma kwa wofuna mwana n'kofunika, chifukwa kusaka mbewu mumkodzo wa munthu amene ali pa silodosin n'kutaya nthawi.

M'bale wofunsa:
Nanga kutseka kwa abambo, kapena mdulidwe? Ena amati zimayambira pamenepo. Enanso amati ndi chinzonono chakale.

Dokotala wa mikodzo:
Mdulidwe ayi, umakhudza khungu lokha. Kutseka kwa abambo ayinso. Kumadula timachubu ta mbewu kufupi ndi machende, ndipo mbewu ndi kagawo kochepa kwambiri ka umuna, kosakwana 5%. Munthu amathira ngati kale, maso sangaone kusiyana.

Za chinzonono muli choonadi. Chikapanda kuchizidwa bwino chimasiya chipsera m'njira ya mkodzo ndipo njira imachepa. Chipsera chotero chimabweranso ndi ngozi yothyola mafupa a m'chiuno, kumenyetsa pakati pa miyendo, kapena katheta wokhalitsa kapena wolowetsedwa mokakamiza. Apa khomo la kumtunda likhoza kukhala labwino, koma kutsogolo kwathina kwambiri moti umuna umakankhira kumbuyo, kapena umatsakamira n'kumadontha pambuyo pake. Mudzamudziwa munthu wotere ndi mkodzo wake, woonda, womwazika, wotenga nthawi, wofuna kudzikakamiza. Njira ikakonzedwa kuthira kumatha kubwerera.

Palinso chizolowezi chimene ena amaphunzitsana, chokanikiza ndi chala pakati pa machende ndi kotulukira chimbudzi pa nthawi yothira kuti umuna usatuluke. Amakhulupirira kuti akusunga mphamvu kapena akulera. Chimene chimachitika n'chakuti atseka njira ya kutsogolo, umuna n'kukankha khomo n'kulowa m'chikhodzodzo. Palibe chimene chasungidwa, udzatuluka ndi mkodzo. Ndipo si njira yolera, chifukwa pang'ono pamadutsabe.

Wa kulabu:
Ndifotokoze mmene timatsimikizira, chifukwa si kuuma kulikonse kumene kuli kubwerera kumbuyo. Mwamuna akhale masiku 2 mpaka 7 osathira. Pa tsiku loyeza ayambe wakodza, chikhodzodzo chikhale chopanda kanthu. Kenako athire m'kabotolo koyamba, chilichonse chimene chatuluka, ngakhale kadontho. Akatero akodze m'kabotolo kachiwiri, mkodzo woyamba wonse, osataya poyambira. Mkodzowo timauzunguza pa makina kwa mphindi 10, n'kutenga zotsalira pansi kuziika pa maikulosikopu. Munthu amene sanatulutse kanthu kunja tikamupeza ndi mbewu zoposa 10 mpaka 15 pa malo amodzi oonera pa mphamvu yaikulu, timati umuna ukubwerera.

Pamene pamavuta ndi pa amene akutulutsa pang'ono. Mwamuna aliyense, ngakhale wabwinobwino, amasiya mbewu zina m'njira ndipo mkodzo umazikokolola. Ndiye kupeza mbewu mumkodzo pakokha si umboni. Timawerengera mbewu zonse za m'botolo loyamba ndi zonse za m'lachiwiri n'kuyerekeza. Zochuluka zikakhala mumkodzo, ndiye kuti zikubwereradi.

Buku la WHO la 2021 limaika mlingo wotsika wa umuna pa mamililita 1.4, pamene la 2010 linkati 1.5. Munthu akapezeka pansi pamenepo, choyamba timafunsa ngati wina sunatayikire pambali, makamaka woyamba kutuluka umene umakhala ndi mbewu zambiri, ndiponso ngati anadikira masiku okwanira. Zolakwika zambiri zimachokera pamenepa, choncho timabwereza. Ukakhala wochepabe, wopanda mbewu, pH yake, muyezo wa kuchuluka kwa asidi, ili pansi pa 7.2, wopanda shuga wa fructose, ndipo mumkodzo mulibe kanthu, timaganizira zina, monga kutsekeka kwa timachubu tothirira mkati mwa prostate kapena kubadwa wopanda vas deferens. Testosterone, homoni yachimuna, akachepa nayenso amachepetsa umuna, ndipo amayezedwa m'magazi a m'mawa.

Mkulu wa gulu:
Tamva zifukwa. Mmodzi mwa ofunsa aja akuti iye ndi mayi a kunyumba akufuna mwana. Pali chochita?

Dokotala wa mikodzo:
Chilipo, ndipo chimadalira chimene chinayambitsa. Ngati ndi mankhwala, kusintha kumakwanira. Ngati ndi mitsempha yofooka, monga pa shuga kapena pambuyo pa RPLND, mnofu ukadalipo, ndiye timayesa kuukakamiza kutseka ndi mankhwala. Odziwika ndi pseudoephedrine, 60 mg maola 6 alionse, ndi imipramine, 25 mg kawiri kapena katatu patsiku, nthawi zina onse pamodzi. Ena amagwiritsa ntchito midodrine. Sitiwapereka mwezi wonse. Timayamba kutatsala masiku ochepa kuti mayi afike masiku ake otenga mimba, n'kusiya akadutsa, chifukwa thupi limawazolowera ndipo mphamvu yake imachepa. Amathandiza ena, ena ayi. Ngati khomo linapalidwa pa TURP, mankhwalawa kawirikawiri sagwira, popeza mnofu woti ufinye palibe.

Wa kufamase:
Ndichenjeze pamenepa, chifukwa pseudoephedrine amapezeka m'mankhwala ena a chimfine ndipo wina akhoza kuthamangira kukagula. Amakweza BP, amathamangitsa mtima, amasowetsa tulo, ndipo mwa ena amafooketsa kutota kumene. Mwa munthu wa prostate yotupa akhoza kutsekeratu mkodzo. Imipramine amasokoneza kagundidwe ka mtima, amaumitsa kukamwa ndi m'mimba, ndipo ndi woopsa kwambiri munthu akapyola mlingo. Abambo ambiri a shuga ali kale ndi BP kapena vuto la mtima, ndiye ayambe ayezedwa BP, ndipo ngati n'kotheka ajambulidwe mtima ndi ECG, asanayambe.

Wa kulabu:
Mankhwala akakanika, mbewu timazitenga mumkodzo momwemo. Vuto n'lakuti mkodzo ndi wa asidi ndiponso uli ndi mchere wambiri, pamene mbewu zimafuna pH ya 7.2 kupita m'mwamba. Zikakhala mumkodzo wamba zimaleka kuyenda m'mphindi zochepa. Ndiye mwamuna amamwa sodium bicarbonate usiku ndi m'mawa wa tsikulo, pa mlingo umene dokotala walemba, ndiponso amamwa madzi kuti mkodzo usungunuke. Timayeza pH ndi kapepala asanathire. Madzi asachulukitsenso, chifukwa mkodzo wosungunuka kwambiri umatupitsa mbewu n'kuzipha. Akangothira amakodza nthawi yomweyo m'botolo lokhala kale ndi madzi osungira mbewu, ife n'kuzunguza ndi kutsuka mwachangu. N'chifukwa chake zimenezi zimachitikira pa labu pomwepo, botolo lochokera kunyumba limafika mbewu zitafa.

Njira ina ndi yolowetsa katheta, kukhetsa mkodzo wonse, kuthiramo madzi osungira mbewu, kuchotsa katheta, munthu n'kuthira, kenako n'kutenga madziwo. Mbewu zimatuluka zamoyo kwambiri, koma katheta amawawa ndipo akhoza kulowetsa tizilombo. Mbewu zoyenda zikapezeka zambiri zimaikidwa m'chiberekero cha mayi pa masiku ake, njira ya IUI. Zikachepa pamafunika IVF, yokumanitsa mbewu ndi dzira mu labu, kapena ICSI, pamene mbewu imodzi imabayidwira m'dzira.

Namwino wa za shuga:
Bicarbonate ali ndi sodium wambiri, ndiye a BP, a impso ndi a mtima wotupa asamwe mwa okha. Ndipo mayi nawonso ayezedwe nthawi yomweyo, osadikira kuti za bambo zithe kaye, chifukwa zaka za mayi zimasintha njira imene ingasankhidwe.

M'bale wofunsa:
Funso lomaliza adokotala. Amene sakufuna ana ndipo umuna ukubwerera, angasiye kondomu ndi njira zolera?

Dokotala wa mikodzo:
Asasiye achimwene. Mwa ambiri kubwererako si konse, ndipo kumasintha tsiku ndi tsiku, makamaka pa shuga ndi pa mankhwala. Kadontho kamodzi kakhoza kukhala ndi mbewu zokwanira kupereka mimba. HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana amadutsabe kudzera m'madzi otuluka munthu asanathire komanso pakhungu. Ndipo amene wangouma mwadzidzidzi popanda opaleshoni kapena mankhwala atsopano, makamaka ngati pali dzanzi m'miyendo kapena pakati pa miyendo, kufooka poyenda, kapena kulephera kugwira mkodzo ndi chimbudzi, apite kuchipatala tsiku lomwelo akaonedwe msana, chifukwa mitsempha yopanikizika imapulumuka ikamasulidwa msanga.